Tisanagule chiwongolero: zimene ndinayankhula Loweruka

Anzanga amene simunabwere ku msonkhano wa Loweruka mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti ndinati chiyani pa nkhani ya chiwongolero ija. A mlembi anati ndingozilemba kuti zilowe mu kalata yathu ya mwezi uno. Ndazilemba mmene ndinayankhulira, kungochotsako malo amene anthu ankandidula ndi phwete.

Zikomo a Tcheyamani pondipatsa mpata. Zikomonso alangizi athu mwakhala kumbuyoko, ndi nonse mamembala anzanga.

Tonse tikudziwa kuti kwa a msungichuma kuli kangachepe kamene takhala tikusonkha kwa miyezi 9. Tatsuka magalimoto a anthu, tagulitsa mandasi ku mpira, ena mpaka manja anasupuka ndi sopo. Tinagwirizana kale kuti gawo la ndalamazo ligule chiwongolero cha magemu a mpikisano wa magalimoto, chizikhala m'chipinda chathu chino. Koma ndalamazo n'zogulira kamodzi kokha basi. Tikalakwitsa, ndiye kuti tiyambirenso zidebe ndi masiponji kwa chaka china chathunthu, ndipo ine ndikudziwa kuti ena mwa inu simudzabweranso.

Pa gulu lathu la WhatsApp panaponyedwa zithunzi ziwiri. China ndi chiwongolero chatsopano, chili m'bokosi mwake, chofiira ndi chakuda, chili ndi timagetsi tothwanima, giya yake pambali, mtengo wake wabwino. China ndi chakale, chikopa chake chayamba kutha pamwamba, giya chilibe, komanso n'chodula kuposa chatsopanocho. Ndinawerenga mayankho anu, ambiri munakonda chofiiracho. Sindikukunenani ayi. Inenso chaka chatha ndinagula china chonga chomwecho, ndipo ndabwera nacho, chili m'chikwama ichi.

Nditalemba mayeso a MSCE ndinakhala miyezi ingapo ndikuthandiza mu shopu ya amalume anga. Kandalama kamene ankandipatsa ndinkangosunga, ngakhale nsapato sindinagule. Tsiku lina ndinapita m'tauni, sitolo yake sinditchula, ndipo wogulitsa ananditsimikizira kuti chimenechi chimanjenjemera ngati galimoto yeniyeni. Pa bokosi analemba kuti vibration feedback. Ine ndinali nditamvapo za force feedback, ndiye ndinangoti ndi zomwezo, kusiyana kalembedwe chabe. Ndinalipira, ndinakwera minibasi nditachikumbatira ngati khanda.

Tsiku loyamba zinali bwino, chifukwa chilichonse chatsopano chimakoma. Pofika sabata yachitatu ndinali nditabwerera ku padi yanga yakale, ndipo nthawi imene ndinkamalizira mpikisano inali yabwino ndi padiyo kuposa ndi chiwongolero. Ukachipotoza pang'ono, galimoto yakhota kale kwambiri. Ukachisiya, chimabwerera pakati chokha ndi mphamvu imodzimodzi, kaya uli pa tara, kaya pa matope, kaya galimoto yaima. Nditachimasula kuti ndione mkati, ndinapeza zimene zimachibweza pakatipo ndi lasitiki, ndipo kunjenjemera kuja kumachokera pa timamota tiwiri tating'ono tonga tomwe tili mu padi. Chikomekome cha mkuyu, abale. Panopa chimakhala pansi pa bedi, amachitulutsa ndi mchemwali wanga wamng'ono akamasewera minibasi ndi anzake, iye dalaivala, wina kondakitala akukuwa kuti Limbe, Limbe.

Ndiye mawu amene ndikufuna kuti aliyense atuluke nawo muno ndi awa: force feedback. Ndifotokoze kuti n'chiyani, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Amene munapalasapo njinga itanyamula thumba la chimanga mukudziwa zimene mahandulo amachita. Ukalowa mu mchenga amalimbana nawe, akufuna kupita kwawo. Ukafika poterera amapepuka mwadzidzidzi, ndipo manja ako amadziwa kuti tayala lakutsogolo lasiya kugwira maso ako asanaone chilichonse. Galimoto nayo imatero. Ukamakhota, chiwongolero chimalemera chifukwa matayala akutsogolo akulimbana ndi msewu. Ukalowa pa kona ndi liwiro lopitirira, kulemera kuja kumachepa, ndiye kuti matayala ayamba kutsetsereka. Kumbuyo kukayamba kuthawa, chiwongolero chimadzipotoza chokha kulowera kumene galimoto ikutsetserekera, ndipo dalaivala wodziwa amachilola kenaka n'kuchigwira pa nthawi yake. Mu galimoto yeniyeni zimenezi umazimvanso ndi msana komanso pamene wakhalira. Kunyumba mpando wako sukusuntha, uli phee pa simenti. Malo okhawo amene gemu ingakuuzire zimene matayala akuchita ndi m'manja.

Chiwongolero cha force feedback chili ndi mota yamphamvu mkati. Gemu imawerengera zimene zikuchitika pa matayala, kambirimbiri pa sekondi iliyonse, n'kuuza motayo kuti ikoke kumanzere kapena kumanja, mwamphamvu kapena pang'ono. Pamene vibration ili ngati foni ikanjenjemera m'thumba: wadziwa kuti china chachitika, koma sukudziwa kuti ndani, akufuna chiyani. Changa chija chinkanjenjemera ndikagunda khoma. Aaa, khomalo ndaliona kale, ndimafuna chindiuze ndisanagunde.

Kuzindikira kwake n'kosavuta. Choyamba, cha force feedback chimakhala ndi chingwe chakechake cha magetsi cholowa pa soketi ya pakhoma, kuwonjezera pa chingwe cha USB. USB imapereka mavoti 5 okha, sangayendetse mota yolimbana ndi mikono ya munthu. Chachiwiri, ukachilumikiza chimadzizunguza chokha, mpaka kumapeto mbali ina, mpaka kumapeto mbali inayo, kenaka n'kuima pakati, palibe wochigwira. Chikakhala duu, chokani. Ndaonetsetsa chithunzi cha chofiira chija, chili ndi chingwe chimodzi chokha.

Chinanso ndi kuzungulira kwake. Galimoto wamba, kuchoka kumapeto kumanzere kukafika kumapeto kumanja, chiwongolero chimazungulira pafupifupi kawiri ndi theka kapena katatu. Pa mabokosi amalemba mu madigiri: 900 ndiye kawiri ndi theka, 1080 ndiye katatu. Zotchipa zambiri ndi 180 kapena 270, sizikwanitsa n'kamodzi komwe. N'chifukwa chake changa chija ukangochikhudza galimoto imalumpha. Pa magemu a Formula 1 madigiri ochepa savuta kwambiri, poti magalimoto amenewo sapotozedwa kwambiri, koma anyamata a Euro Truck Simulator 2 muli pakona apo, tayesani kubweza thiraki ya ngolo ndi madigiri 270, mudzalira. Koma chenjerani, masiku ano kuli zina zimene zalembedwa 900 ndi zilembo zikuluzikulu, pamene force feedback zilibe. Nambala yokhayo isatinamize.

Tsopano pakati pa zenizenizo palinso mitundu, kutengera mmene mphamvu ya mota imafikira m'manja mwako.

Zina zimagwiritsa ntchito magiya a mano. Apa dolo wake ndi Logitech G29, imene inatuluka mu 2015, pamodzi ndi inzake G920, kenaka G923 mu 2020. Zimazungulira madigiri 900, zimabwera ndi mapedulo atatu, chogwirira chake n'chokutidwa ndi chikopa. Kuipa kwake n'kwakuti mano a magiya aja umawamva pang'ono m'manja, komanso zimasokosa. Ukadutsa pa msewu wa miyala mu gemu chimalira gwedegwede, moti usiku anthu a m'nyumba sangagone. Ubwino wake n'kulimba komanso kuchuluka. Zagulitsidwa zambirimbiri kwa zaka zonsezi, ndiye zogwiritsidwa kale ntchito zimapezeka, zipangizo zosinthira zimapezeka, ndipo mavidiyo ophunzitsa kukonza ali mbwee pa YouTube. Chakale chija cha pa chithunzi chachiwiri ndi G29.

Zina zimagwiritsa ntchito lamba, ngati wa pa chigayo uja, wochoka pa mota kupita pa chigayocho. Chodziwika ndi Thrustmaster T300 RS, cha madigiri 1080. Chimenechi n'chosalala m'manja, phokoso n'lochepa, mphamvunso n'zochulukirapo. Mphamvu ya ziwongolerozi amaiyeza mu Nm. G29 ili cha m'ma 2 Nm, T300 ili pafupi ndi 4 Nm. Koma chimatentha chikagwira ntchito nthawi yaitali, n'chifukwa chake chili ndi fani mkati, ndipo ife tikunena za anthu 20 osinthana tsiku lonse la Loweruka m'chipinda cha malata mwezi wa October. Kampani yomweyo ili ndi zina zophatikiza lamba ndi magiya, monga T150 ya PlayStation ndi TMX ya Xbox, zotsikirapo mtengo.

Ndiye pali zimene aliyense amalota, direct drive. Apa palibe lamba, palibe magiya, chiwongolero chimamangidwa pa mota penipeni. Chilichonse chimene gemu yatumiza chimafika m'manja mosachedwa komanso mosasefedwa. Kale zimenezi zinali za anthu a ndalama zawo okhaokha, mpaka mu 2021 pamene kampani ya ku Germany ya Fanatec inatulutsa CSL DD ya 5 Nm, imene imafika 8 Nm ukagula adaputala yokulirapo. Kenaka kunabwera za Moza monga R5 ya 5.5 Nm. Zapamwamba zenizeni, monga Simucube 2 Pro, zimafika 25 Nm, zoti ukagunda khoma chala chili mkati mwa chiwongolero ukhoza kuvulala ndithu.

Ine sindinama, direct drive ndiye yabwino kuposa zonse. Wina anatumiza vidiyo yake pa gulu ndipo tonse tinameza malovu. Koma si yathu panopa. Mtengo umene mumauona pa intaneti nthawi zambiri ndi wa mota yokha, chogwirira ugule pachokha, mapedulo pawokha. CSL DD itangotuluka, mota yokhayo inali madola 350 a ku America, usanawerengere zonyamulira ndi msonkho. Ikawonongeka, amene angaitsegule kuno ndani? Komanso mphamvu imeneyo imafuna chomangirapo cholimba. Tebulo lathu ili, limene mwendo wake tinaupachika ndi katoni, likhoza kuyamba kuvina. Ndipo muno mumabwera ana a zaka 10.

Apa ndifike pa cholakwa china chimene anthu ambiri amachita, kugula mbereko mwana asanabadwe. Chiwongolero sichigwira pa makina aliwonse. Ife tili ndi PlayStation 4 imene anatibwereka achimwene a mnzathu, ndi laputopu imodzi ya kalabu. G29 imagwira pa PlayStation ndi pa kompyuta. G920 imagwira pa Xbox ndi pa kompyuta, pa PlayStation ayi. Ziwirizi zimafanana kwambiri, moti wogulitsa wosadziwa, kapena wodziwa koma wofuna ndalama, akhoza kukupatsa inayo. Yang'anani mabatani: ya PlayStation ili ndi zizindikiro zija za pa padi, bokosi, mtanda, kozungulira ndi ka makona atatu, pamene ya Xbox ili ndi zilembo A, B, X, Y. G923 nayo ili mitundu iwiri, wina wa PlayStation wina wa Xbox. Mukapeza G27 yakale ija yotchipa, yobwera ndi giya yake, dziwani kuti pa kompyuta imagwira koma pa PlayStation 4 siigwira payokha popanda kachipangizo kena kolumikizira. Moza R5 imagwira pa kompyuta, pa PlayStation ayi. CSL DD wamba siigwira pa PlayStation, imene imagwira ndi ina yotchedwa Gran Turismo DD Pro. Zonsezi zimachitika chifukwa Sony ndi Microsoft amafuna kuti chiwongolero chikhale chovomerezeka ndi iwo, osati chifukwa cha mawaya.

Magemu nawo tiwaganizire limodzi, chifukwa akukhudza bandulo. Gran Turismo 7, ya mu 2022, imasewereka pa PlayStation 4, koma mbali zake zambiri zimafuna ukhale pa intaneti. iRacing ndiye osayamba n'komwe, imalipiridwa mwezi ndi mwezi ndipo yonse ndi ya pa intaneti. Assetto Corsa, ya kampani ya ku Italy, ndi yakale, ya mu 2014, koma force feedback yake anthu amaitamabe mpaka lero, ndipo ukaiika umasewera popanda intaneti. Euro Truck Simulator 2 ndi ya mu 2012, siifuna kompyuta yamphamvu kwambiri, laputopu yathu imaikoka. Pang'ono pokha ndipatuke: mu Assetto Corsa Competizione muli bwalo la Kyalami la ku South Africa, pafupi ndi Johannesburg, ngakhale limagulidwa mwapadera. Tsiku lina ndikufuna tidzapikisanepo, tidzawauze abale athu ali ku Joni kuti makona a kwanuko tikuwadziwa kuposa inu.

Mapedulo. Aliyense amayang'ana chiwongolero, mapedulo palibe amawafunsa, koma amene amasewera kwambiri amati nthawi yambiri imatayika kapena kupezeka pa buleki. Ndipo n'zoona, kukhota bwino kumayambira pa mmene wachepetsera liwiro. Mapedulo a ziwongolero zotsika mtengo amayeza kuti pedulo yatsika mtunda wotani. Odula amakhala ndi chimene amati load cell, chimene chimayeza kuti waponda mwamphamvu bwanji, monga mmene buleki ya galimoto yeniyeni imachitira, ndipo mwendo wa munthu umakumbukira bwino mphamvu kusiyana ndi mtunda. Load cell tiiwale kaye. Chimene tingakwanitse n'kusankha pakati pa mapedulo awiri a pulasitiki, monga amene amabwera ndi T150 wamba, ndi atatu achitsulo a G29, amene ali ndi kilatchi. Buleki ya G29 ndi yolimba chakumapeto chifukwa anaikamo kalabala, ena amadandaula nayo, koma ukaizolowera imathandiza kuti usamange matayala.

Mdani wamkulu wa mapedulo amenewa ndi fumbi. Mkati mwake muli tizipangizo tonga tokwezera voliyumu pa wailesi zakale zija, toti tikadetsedwa wailesi imayamba kukhosomola ukamapotoza. Pa mapedulo, fumbi likalowa, gemu imaona ngati ukuponda buleki pang'ono pamene phazi lili pambali, kapena moto sufika pa 100 ngakhale waponda mpaka pansi. Zimatsukika, koma bwino kupewa. Kuno kwathu mwezi wa September mukudziwa mmene kumakhalira. Ndiye chilichonse tingagule, nsapato zizitsala pakhomo, ndipo tikamaliza tizivundikira ndi chitenje.

Komanso mapedulo amathawa. Pa simenti yopaka polishi ngati iyi, ukaponda buleki mwamphamvu, mapedulo amapita kutsogolo, mpando umapita kumbuyo, iwe uli pakati miyendo ili m'malere. Kunja amagulitsa mafelemu achitsulo okhala ndi mpando, odula kuposa chiwongolero chenichenicho. Ife tili ndi akalipentala ndi owotcherera zitsulo pa msika pompa. Matabwa ochepa, mabawuti, mpando wa galimoto yakufa wogula kwa ophwasula, umene umasendera kutsogolo ndi kumbuyo kuti wamtali ndi wamfupi onse akwanepo, basi zatheka. Koma zimenezi zimafuna ndalama, ndiye tisathere zonse pa chiwongolero.

Za giya ija imene yakopa ambiri pa chofiira chija, musadandaule nayo. G29 ili ndi timapadulo tiwiri kuseri kwa chiwongolero tosinthira magiya ndi zala, ndipo magalimoto ambiri a mpikisano masiku ano amasinthira momwemo. Giya ya dzanja ya magiya 6 ndi rivesi imagulitsidwa payokha, tikhoza kudzawonjezera chaka chamawa. Tikadzagula tidzaimange kumanzere, poti kuno timayenda kumanzere kwa msewu, dalaivala amakhala kumanja ndipo magiya amasintha ndi dzanja lamanzere. Mavidiyo ambiri mumaonera aja ndi a ku America ndi ku Europe, iwo amaiika kumanja.

Tsopano kagulidwe kake, poti ndikunena za chinthu chogwiritsidwa kale ntchito. Lamulo langa ndi limodzi: osatumiza ndalama pa foni kwa munthu wa pa Facebook tisanachigwire ndi manja athu. Tipite anthu atatu, titenge laputopu ili ndi gemu kale, tikachiyese pamaso pake. Chidzizunguze chokha mbali zonse n'kuima pakati penipeni, osati chopendekera. Tiyese batani lililonse. Tiponde pedulo iliyonse pang'onopang'ono tikuyang'ana pa sikirini ngati mzere ukukwera mosadumpha, ndipo tikachotsa phazi ubwerere pa ziro. Tione tomangira pa tebulo tija, n'tapulasitiki ndipo timathyoka anthu akamanga mopitirira. Tisewere mphindi 20 kuti chitenthe, chifukwa zovuta zina zimabisala chikadali chozizira. Wogulitsa akayamba zoti ndili pa changu, ifenso tili pa changu chobwerera kwathu.

Adaputala ya magetsi ikhale yake yeniyeni. Ya G29 imatulutsa mavoti 24, ndiye zomangotenga ya laputopu chifukwa kamutu kake kakulowa, ayi. Tiwerengenso zimene zalembedwa pa adaputalayo kapena pansi pa chiwongolero. Magetsi a kuno ndi mavoti 230. Zinthu zina zopangidwira msika wa ku America zimalandira 110 mpaka 120 okha, ukazilowetsa pa soketi yathu umangomva phuu ndi kafungo. Pakalembedwa kuti 100–240V ndiye kuti zili bwino. Ngati titadzatuma wachibale wa ku Joni, tikumbukire kuti pulagi ya kumeneko ndi ya mano ozungulira pamene yathu ndi ya mano a makona, ndiye pafunika kosinthira, komanso pali ndalama ya basi ndi msonkho wa pa chipata. Ndipo magetsi akathima n'kubwera mwamphamvu, bolodi ya mkati ikhoza kupsa. Ka guard konga kamene timaika pa firiji kapena pa TV n'kotchipa kuyerekeza ndi zimene kakuteteza.

Alangizi athu anandifunsa sabata yatha funso labwino, ndipo ndiliyankhe pagulu. Anati kodi zimenezi si kungotaya ndalama pa zidole? Ndipo wina mwa ife anayankha kuti ayi, tiphunzirirapo kuyendetsa galimoto, mwinanso wina adzakhala ngati mnyamata wa mu filimu ya Gran Turismo ija ya mu 2023. Nkhani ya mnyamatayo ndi yoona. Dzina lake ndi Jann Mardenborough wa ku Britain, anapambana mpikisano wa GT Academy mu 2011 ali ndi zaka 19, a Nissan anamutenga n'kumuphunzitsa, ndipo mu 2013 iye ndi anzake anakhala a nambala 3 m'gulu lawo pa mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France. Max Verstappen nayenso amadziwika kuti amapikisana pa kompyuta akakhala kunyumba. Koma tisawanamize makolo athu. Mardenborough anali mmodzi pa anthu zikwizikwi, ndipo GT Academy inatha kale. Palibe akubwera kudzatitenga muno.

Za kuphunzira kuyendetsa, pali zina zimene chiwongolero chabwino chimaphunzitsadi. Kuyang'ana patali osati pa bonati. Kuchepetsa liwiro usanafike pa kona osati uli kale mkati mwake. Kugwira chiwongolero mofatsa. Kumva kuti pa msewu wonyowa galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime. Koma mu gemu mulibe wa kabaza wotulukira pa kanjira osayang'ana, mulibe mbuzi, mulibe mwana wothamangira mpira. Mulibenso mantha, poti ukagunda umangodina batani n'kuyambiranso. Laisensi imafunabe sukulu yoyendetsa galimoto ndi mayeso ake. Ndiye ndikapempha pano, wina asadzatenge makiyi a bambo ake chifukwa wapambana ife Loweruka, n'kutipalamulira tonse.

Yankho langa kwa alangizi ndi lakuti inde, ndi masewera. Monga mpira wathu wa ntchembere mbaye ndi bawo lija. Kusiyana kwake n'kwakuti chidole chenicheni ndi chija ndinagula ine, chimene chinatha kukoma pa masabata atatu. Chinachi munthu umatha miyezi ukuphunzira kona imodzi, n'kumabwerabe kuti uchotseko theka la sekondi. Nthawi ya mvula, pamene bwalo ladzaza madzi ndipo anthu amangobalalika, tidzakhala ndi chotisonkhanitsa muno. Ndipo atsikana, chonde, ndalamazi tinasonkha tonse, mandasi ambiri munakazinga ndinu. Ndandanda ikadzalembedwa, mphindi 15 aliyense, maina anu akhalepo, ndipo mnyamata amene adzaime kumbuyo kwanu n'kumalanda chiwongolero kuti ndikuonetse, ataye nthawi yake ya tsiku limenelo.

Ndiye pempho langa kwa komiti ndi ili. Chofiira chija tichisiye. Tikaone G29 ya pa chithunzi chachiwiri, anthu atatu, ndi laputopu. Ikapambana mayeso ndatchula aja, tinenerere mtengo, chifukwa chikopa chatha ndipo giya palibe, tigule. Zotsala zipite kwa kalipentala ndi pa guard. Ikalephera, tisagule chilichonse tsiku limenelo, ngakhale ndalama zikuyabwa m'thumba. Tidikire ina, kapena T150 ngati ingapezeke ili bwino. Ndikudziwa kuti kudikira kukuwawa, ena mwayamba kale kundiyang'ana ndi diso lofiira. Koma a msungichuma anena okha kuti ndalamazo zikakhala mwezi wina umodzi siziola, ngakhale mitengo ikukwera, ndiye tisachedwenso mopitirira.

Tisanavote, a Tcheyamani, ndikupempha mphindi 10. Ndilumikiza changa chija pa laputopu, aliyense amene anasankha chofiira abwere ayendetse kamodzi kuzungulira bwalo, kenaka ayese ndi padi, aone yekha. Mugwire bwino, chomangira cha kumanzere chinathyoka, wina azichigwirizira pa tebulo. Ndipo pofika 5 koloko ndichitenge, mwini wake anandibwereka pa pangano loti ndibwere ndi tchipisi, ndipo akuti madzulo ano minibasi ili ndi ulendo wa ku Limbe.